Chikope cha Maliki

"Malachinayi anga atatu, Agnesi. Miyezi isanu yatha, usaganize kuti ndaiwala."

Abiti Suwedi ananena izi akuyanika malaya a bwana pachingwe, osacheuka n'komwe. Kuseri kwa mpanda, pabwalo la nyumba yoyandikana nayo, Agnesi ankakutumula kapeti. Onse awiri ankagwira ntchito za m'nyumba kwa azungu ku Rosebank, ndipo mumsewu wonsewo Amalawi anali iwo okha. Tsiku lopuma la antchito a m'nyumba linali Lachinayi. Bambo ake a Agnesi atamwalira ku Thyolo, iye anapita kumaliro n'kukhalako milungu itatu, ndipo Abiti Suwedi anataya masiku awo opuma atatu akuchapa ndi kusita kwa adona a Agnesi kuti ntchitoyo isagwe m'manja mwa wina. Agnesi anabwerako ndi kapaketi ka tiyi ndi zikomo wambirimbiri. Masiku aja ndiwo sanabwere nawo. Pa Idi anamupempha kuti awagwirire tsiku limodzi lokha, iye n'kunena kuti sabata imeneyo amayi a Mvano anali ndi alendo kutchalitchi.

"Ndidzabweza, achemwali. Kodi ndikuthawa mu Joni muno?"

"Wothawa ndi wabwino, timadziwa kuti wapita. Iwe umandipatsa moni m'mawa uliwonse."

Agnesi anaseka, n'kukhotetsa nkhani monga ankachitira nthawi zonse. Anafunsa za diso la Maliki.

Maliki anali mwana wamwamuna yekhayo wa Abiti Suwedi, wa zaka makumi awiri ndi zinayi, mmisiri wa pulasitala ku Midrand komwe ankamanga nyumba zatsopano. Masiku khumi apitawo laimu wosungunula anamuthovukira m'diso lakumanzere. Anzake anamugoneka pansi n'kumuthira madzi a m'paipi. Loweruka ndi Lamulungu anangokhala atamanga kansalu, ndipo Lolemba kapitawo anamutumiza kwa dokotala wa pafupi. Dokotalayo anamulembera kalata yopumira ntchito, n'kumuuza kuti apite kuchipatala cha maso.

"Diso lili bwino," anatero Abiti Suwedi. "Ndi matenda anga omwe aja. Ndamuletsa zopita kuchipatala."

Matenda awo aja anali a m'mimba. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, malemu amuna awo akadali moyo, madokotala anawang'amba pamimba chifukwa cha chotupa. Bala litapola, panayamba kukoka kumanja kwa mchombo akanyamula beseni la madzi. Dokotala anawauza kuti mnofu wa m'kati unamatana pochira, n'kulemba liwu limodzi pakhadi lawo. Anawachenjezanso kuti asalole munthu kukhudzapo, chifukwa ukadula pamodzi pamamera pawiri. Abiti Suwedi sukulu analekeza sitandade 2, nyuzi sankawerenga, koma liwu limenelo ankalidziwa ngati mmene umadziwira msana wa mwamuna wako pagulu la anthu. Khadilo silinkachoka m'chikwama mwawo. Ndiye tsiku limene Maliki anawaonetsa kalata yake yopumira ntchito, chala chawo chinangofikira pa liwu lomwelo. Anatulutsa khadi lawo n'kuyala mapepala awiriwo pathebulo. Zilembo zinali zofanana kuyambira koyamba mpaka kothera. Maliki, amene anafika sitandade 8, anawerenga kuti adihishoni.

Pamenepo n'kuti Maliki atapita kale kawiri kuchipatala cha maso, ndipo maulendo onse awiri anabwerako milomo itauma. Anati namwino ankamudontheza mankhwala, kenaka n'kutenga kandodo kagalasi kopyapyala, n'kukalowetsa pansi pa chikope, n'kumakayendetsa uku ndi uku ngati akupala m'chitini. Anamuuza kuti azibwera m'mawa uliwonse. Anamupatsanso kabotolo ka mankhwala odontheza kunyumba, amene ankachititsa kuti dzuwa lizimulasa ngati singano ndipo zinthu zapafupi zizioneka ngati zili m'nkhungu.

Amayi ake atamva izi anagamula mlandu pomwepo. Pomatana sakolokosapo, dokotala wawo ananena yekha. Iwo anakhala nazo zaka khumi ndi chimodzi, anafa? Kabotolo kaja anakaika pamwamba pa kabati, n'kuyamba kumutsuka okha ndi madzi ofunda a mchere. Maliki sanatsutse, anangobwerera kuntchito. Kandodo kaja ankakaopa, komanso kapitawo anali atanena kale kuti pageti pamaima anthu makumi awiri tsiku lililonse ofuna ntchito yake.

Agnesi anasuzumira pamwamba pa mpanda, fumbi lili m'nsidze.

"Koma achemwali, diso ndi mimba n'zimodzi?"

"Mnofu ndi mnofu. Iwe samala za Malachinayi anga."

Lachitatu madzulo Abiti Suwedi anatsika basi ku Berea, kumene ankakhala mufulati ndi Maliki, dzuwa likadalipo. Lifiti ya pafulati inali itafa kuyambira Khirisimasi, choncho anakwera masitepe mpaka nsanjika yachisanu ndi chimodzi, akugwira pamimba pokoka paja. Anapeza Maliki atafika kale, atakhala pabedi, makatani atatseka. Nthawi imeneyo amayenera kukhala akadali mutakisi.

Anafotokoza moyang'ana pansi. Ankatsika pamakwerero, n'kuyang'ana kumanzere, n'kuona matabwa awiri pamene panali limodzi. Anaponda lolakwika. Mnzake ndiye anamugwira lamba, apo ayi akanagwa kuchokera padenga. Khoma limene anapaka m'mawa linatulukanso lokhota. Kapitawo anamuuza kuti asabwerenso mpaka atabweretsa kalata ya dokotala yonena kuti akuona bwino.

Amayi ake anatsegula makatani, n'kumukokera pawindo, n'kutsitsa chikope cham'munsi ndi chala. M'kati mwake munali kamnofu kofiirira kolumikiza chikope ndi choyera cha diso, ngati kakhungu ka pakati pa zala za bakha. Tinali tiwiri. Kena kanali kopyapyala ngati ulusi, pakatikati. Kena kanali kotambalala, pakona ya kumphuno. Maliki akayang'ana kumwamba, chikope chinkanyamuka limodzi ndi diso.

Abiti Suwedi sanachite mantha. Changa chimakokanso chonchi, anatero mumtima. Anamuuza kuti mawa, popeza linali tsiku lawo lopuma, apita naye okha kuchipatala kukatenga mapiritsi oletsa kukoka ndi kalata ya kapitawo wakeyo. Akawauzanso anamwinowo pamaso kuti mwana wawo si chitini.

M'mawa mwake anakwera matakisi awiri, Maliki atavala magalasi akuda a malemu bambo ake. Kuchipatala anapeza mabenchi atadzaza anthu omanga maso, ena otsogoleredwa ndi ana, ena ndi ndodo. Abiti Suwedi analephera kukhala pansi. Anayendayenda mpaka dzina la Maliki litaitanidwa cha m'ma leveni.

Sisitala wamkulu wa anamwino, mayi wojintcha wa Chizulu, anayang'ana khadi la Maliki n'kuwerenga ndi chala masiku asanu ndi awiri amene sanabwere. Anayamba kumukalipira. Abiti Suwedi analowa pakati. Ndi Chizulu chawo cha kukhitchini chosakaniza ndi Chingerezi cha adona, ananena kuti woletsa anali iwo, ndipo umboni ndi uwu. Anaponya khadi lawo la m'mimba patebulo. Sisitala analiwerenga, anayang'ana mimba ya Abiti Suwedi, anayang'ananso diso la Maliki. Kenaka anatembenukira kukhomo n'kuitana kuti Baba Aloysius abwere, anthu akwawo afika.

Analowa bambo wa imvi, wamfupi, wovala koti loyera lothera m'chiuno. Bambo Aloysius anali a ku Bembeke. Anabwera ku Joni pa Theba, ulendo wa olembedwa ntchito kumigodi, ali mnyamata, n'kugwira ntchito zaka zambiri m'chipatala cha kumigodi, ndipo tsopano ankadontheza odwala mankhwala ndi kumasulira zinenero kuchipatala cha maso. Anapereka moni wa kwathu, wofunsa ndi kumudzi komwe. Abiti Suwedi anayankha mwachidule kuti kwawo ndi ku Namwera, ndipo abwerera zinthu zitatu: mapiritsi, kalata, ndi kuti kandodo kaja kasayandikirenso diso la mwana wawo.

"Ndiye mwatenga khadi la mimba kubwera nalo kwa anthu a maso, mayi?"

"Werengani, bambo. Inu munapita kusukulu. Liwu ndi limodzi kapena ayi?"

Bambo Aloysius anavala magalasi, n'kuyerekeza khadilo ndi kalata ya dokotala wa ku Midrand. Anavomera kuti liwu linalidi limodzi. Kenaka anatsitsa chikope cha Maliki, ndipo kumwetulira kwawo kunachoka. Anakokera Abiti Suwedi mpando. Iwo anakana kukhala.

"Simunaname, mayi. Adihishoni ndi mnofu womatana pamene suyenera kumatana. Koma limenelo ndi dzina la onse. M'mimba, m'chifuwa, m'bondo, ponseponse amalemba lomwelo. Zili ngati apolisi akatigwira ine ndi inu, amalemba kuti Mmalawi. Anama?"

"Sananame."

"Koma ndikafa ine lero, andisunga mufiriji sabata yathunthu, abale asonkhane, agule bokosi, ayimbe. Inu mukafa m'mawa, Asilamu anzanu alola kuti mugone kunja mpaka Loweruka?"

"Dzuwa lisanalowe ndikhale ndili pansi."

"Tonse Amalawi, koma mwambo ndi wosiyana. Zanu za m'mimba ndi zodikira. Za m'diso sizidikira. N'chifukwa chake anthu a maso anazipatsa mayina akeake."

Abiti Suwedi sanagonje msanga. Anati mnofu ndi mnofu, ndipo dokotala wawo, mzungu wa mutu wa dazi, ananena kuti ukadula pamodzi pamamera pawiri. Bambo Aloysius anavomera kuti dokotalayo ananena zoona za mimba. Anawafunsa ngati amadya. Anati amadya. Anawafunsa ngati chakudyacho chimadutsa. Anati zimenezo si zofunsa mzimayi, koma chimadutsa. Ndiye anawauza kuti thumbo likhoza kuyedzamira linzake n'kumagwirabe ntchito, koma ntchito ya diso ndi kuyenda. Chitseko ukachimata ku felemu ndi guluu, chasanduka khoma. Laimu anawotcha m'kati mwa chikope ndi pamwamba pa diso, ndipo mabala awiri oyang'anizana akamapola amagwirana chanza. Kandodo kagalasi ntchito yake inali kuwalekanitsa m'mawa uliwonse mpaka lililonse litapola palokha.

Anatsegula khadi la Maliki la kuchipatalako n'kuwaonetsa liwu lina lalitali limene anali asanalionepo. Limeneli, anatero, ndi simbulefaloni, chikope chikamatana ndi diso. Kenaka anafunsa ngati mankhwala a m'kabotolo akudonthezedwa. Maliki anayang'ana nsapato zake.

"Kali pakabati," anatero Abiti Suwedi. "Kamamuchititsa khungu."

Bambo Aloysius anapukusa mutu. Anafotokoza kuti m'kati mwa diso mulinso kumatana kwina kumene munthu sangakuone ndi maso. Diso likatupa, kozungulira kakuda kaja kamatha kukakamira pa kagalasi kamene kali kuseri kwake, ndipo kakakakamira zolimba, madzi a m'diso amasowa podutsa, diso n'kufa. Kumeneko amakutchula kuti sinekiya. Mankhwala aja amakulitsa kamwana ka m'diso kuti kakhale kutali ndi kagalasiko. Nkhungu imene Maliki ankaona inali chizindikiro chakuti mankhwalawo akugwira ntchito.

"Mayina ake ngati a ana a Mgiriki wa pagolosale," anatero Abiti Suwedi. "Nanga dokotala wa ku Midrand analemberanji dzina la onse, osalemba lenilenilo?"

"Ankalembera kapitawo. Kapitawo safuna kudziwa kumudzi kwanu."

Abiti Suwedi anatola khadi lawo n'kulibwezera m'chikwama. Sanali munthu wotaya nthawi ndi kudziguguda pachifuwa. Malaya ukawawotcha ndi simbi, kulira sikuwabweza. Umangofunsa kuti adona abwera nthawi yanji. Anauza bambo Aloysius kuti akufuna kumva pakamwa pa dokotala kuti masiku asanu ndi awiri amenewo awononga chiyani.

Dokotala anali Mmwenye wachinyamata wolankhula motsitsa. Anaika chibwano cha Maliki pamakina, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Bambo Aloysius ankamasulira. M'kati munali mutayamba kugwira pang'ono, koma mankhwala akhoza kumasula ngati ayambanso lero. Kaulusi ka pakati kaja anakalekanitsa pomwepo, Maliki atafinya mpando mpaka zala kuyera. Koma ka pakona ya kumphuno kanali katakhwima. Kameneko kandodo sikakanathanso. Kankafunika opaleshoni, miyezi ikapita, diso likazizira, ndipo mwina. Ananenanso kuti Maliki azibwera m'mawa uliwonse kwa milungu itatu, apo ayi pamene watsegula lero patsekekanso, ndipo chikope chonse chitsatira.

Milungu itatu. Abiti Suwedi anamuyang'ana mwana wawo. Ndi mankhwala a nkhungu aja sakanatha kudumpha yekha misewu ya pamalo okwerera matakisi. Komanso ankamudziwa. Anatengera bambo ake, munthu amene ankanyamula thumba la simenti ndi dzanja limodzi koma n'kukomoka poona jakisoni. Akamusiya yekha, tsiku lachitatu adzakathera pabenchi ya kupaki. Iwonso milungu itatu analibe. Kuntchito kwawo kunali gogo, mayi ake a adona, wosayenda, wofunika kumudzutsa, kumusambitsa ndi kumudyetsa m'mawa uliwonse. Adona ankachoka hafu seveni. Wantchito wojomba milungu itatu amapeza wina atavala epuloni yake.

"Muwauze andiphunzitse," anatero. "Ndizimupanga ndekha kunyumba."

Sisitala sanadikire kumasulira. Anati ayi, diso si mphika, ndipo mayi amene anabisa mankhwala pakabati sangapatsidwe galasi. Abiti Suwedi anayankha kuti anabisa chifukwa palibe anawauza dzina lenileni, tsopano alimva. Anatambasula manja awo pamaso pa dokotala. Anati manja amenewa amalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi. Dokotala anangomwetulira. Ndiye anatsegula chikwama n'kutulutsa kabotolo kamkuwa ka wanja, utoto wakuda umene amayi a kwawo amapaka m'maso, ndi kamtengo kake. Anatsitsa chikope chawo ndi chala chimodzi, n'kuyendetsa kamtengoko m'mphepete mwa m'kati kuchokera kona mpaka kona, osaphethira, osayang'ana pagalasi. Anati anayamba zimenezi asanathe msinkhu, ndipo ku Namwera akwati onse a m'mudzi mwawo ankawapaka ndi iwo. Palibe anamuboolapo diso.

Dokotala anasiya kumwetulira. Anati amayi ake enieni amachitanso chimodzimodzi. Analankhula ndi sisitala motsitsa, kenaka anati mayiyu abwere masiku khumi aziphunzira.

"Atatu," anatero Abiti Suwedi.

Dokotala anati asanu ndi awiri. Iwo anati gogo wawo sangakhale wosasamba sabata yathunthu. Anagwirizana asanu: awiri kuonerera, atatu kugwira okha sisitala ali pambali. Sisitala akakhutira, atenga kandodo kunyumba, azikawiritsa asanakagwiritse ntchito, ndipo Lachinayi lililonse azibwera naye kuti dokotala aone. Akapanda kukhutira, milungu itatu ili pomwepo. Za kalata ya kapitawo, dokotala anati adzalemba diso likalola.

Kunatsala munthu wosambitsa gogo.

Anamusiya Maliki kufulati, atatsitsa kabotolo pakabati n'kumudontheza okha. Kenaka anayenda misewu itatu kupita kuholo ya pamwamba pa shopu ya mipando, kumene amayi a Mvano ankasonkhana Lachinayi masana. Nyimbo inkamvekera pamasitepe. Anaima pakhomo osalowa. M'katimo munali amayi okwana khumi ndi asanu, mabulawuzi oyera, masiketi akuda, mipango yoyera. Nyimbo itangotha, amayi apampando asanatsegule pakamwa kuti apemphere, Abiti Suwedi anaitana dzina la Agnesi.

Agnesi anatuluka mofulumira, buku la nyimbo lili m'manja, n'kuyesa kukoka chitseko. Abiti Suwedi anatsekereza ndi phazi.

"Achemwali, pano ndi pa Mulungu."

"Ndiye pabwino, akhale mboni. Mawa seveni koloko ukhale uli kwa gogo wanga. Mawa, Loweruka, Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Ine ndizifika leveni."

"Si munati diso lili bwino?"

"Ndinanena Lolemba. Lero ndi Lachinayi."

Anamufotokozera mwachidule, osadzichepetsa, osadzikometsera. Agnesi anamva chisoni, koma chisoni chake chinali ndi zifukwa zambiri. Msana unkamuvuta. Gogo uja ndi wolemera ngati thumba la chimanga, komanso amatsina. Adona ake akamva bwanji? Abiti Suwedi anamukumbutsa kuti adona akewo amachoka limodzi ndi awo, nyumba imakhala yopanda munthu tsiku lonse, pakati pa mabwalo awiriwo pali kageti, ndipo adona onse awiri anavomera kale kusinthanaku nthawi ya maliro. Agnesi anati chabwino, masiku anali atatu, ndiye agwira mamawa atatu.

"Lachinayi langa linkayamba seveni n'kutha faifi. M'mawa ndi theka la tsiku. Atatu ndi mamawa sikisi. M'mawa umodzi ndakukhululukira."

"Nanga Lamulungu? Ine ndimayimba kwaya."

"Gogo sakodza Lamulungu?"

M'holomo wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Amayi apampando, mayi wachikulire wa ku Mulanje, analankhula ali pomwe anakhala.

"Mnzako akapsa ndevu mzimire, Agnesi. Lamulungu tidzakuyimbira mbali yako."

Agnesi anayang'ana m'holomo, anayang'ana Abiti Suwedi. Kenaka anatambasula dzanja. Abiti Suwedi anamasula kiyi wa khomo la kukhitchini amene ankamangirira pansonga ya mpango, n'kumuika m'dzanjamo. Anamuuza kuti gogo amafuna madzi ofunda, osati otentha, ndipo phala asathire shuga ngakhale alire.

Lachisanu ndi Loweruka Abiti Suwedi anaima kumbuyo kwa sisitala, khosi atalitambasula. Anaona mmene ankasambira m'manja mpaka m'zigongono, mmene ankapakira mafuta a mankhwala kunsonga yobulungira ya kandodo, polowera ndi potulukira. Ankafunsa mafunso ambiri mpaka sisitala anauza bambo Aloysius kuti mayi ameneyu akanapita kusukulu bwenzi onse atachotsedwa ntchito. Bambo Aloysius anamasulira mawu amenewa mosangalala. Abiti Suwedi anati asiye nthabwala, awafunsire kuti kuwiritsa kwake ndi mphindi zingati.

Lamulungu kandodo kanaperekedwa m'manja mwawo. Kanali kopepuka kuposa kamtengo ka wanja, koterera. Maliki anakhala pampando, mutu atautsamiritsa kumbuyo, diso labwino likuyang'ana amayi ake.

"Amayi, pang'onopang'ono."

"Yang'ana kudenga. Ine ukundidziwa kale."

Anatsitsa chikope, n'kulowetsa kandodo pakona yakunja. Anakayendetsa pang'onopang'ono m'khwawa la pakati pa chikope ndi diso, n'kumva timinofu tatsopano ta usiku umodzi tikulekana ngati ulusi wa kangaude. Panatuluka kadontho ka magazi. Maliki anapuma mokoka mpweya m'mano, koma sanasunthe. Kandodo kanapitirira mpaka pafupi ndi mphuno, n'kuima. Pamenepo panali polimba ngati msoko wa thalauza. Abiti Suwedi anafuna kukankha. Sisitala anawagwira pamkono n'kupukusa mutu. Pamenepo ayi.

Anatulutsa kandodoko. Masiku asanu ndi awiri aja anawamva ndi zala zawo.

Lolemba anachitanso, ndi chikope chapamwamba chomwe. Lachiwiri sisitala sanawagwire n'komwe, anangoima manja ali m'matumba. Dokotala anayang'ana pamakina n'kunena kuti m'kati mwamasuka, ndipo pamene anatsegula paja sipanatsekeke. Sisitala anakulunga tindodo tiwiri m'thonje, kena kosungira ngati kamodzi kasweka, n'kutiika m'kabokosi. Bambo Aloysius anawaperekeza mpaka pakhomo n'kuwafunsa ngati mayina aja akuwakumbukira. Abiti Suwedi anati mayina ndi a iwo ovala makoti oyera. Iwo akudziwa kuti la kunja ndi la kandodo, la m'kati ndi la kabotolo, ndipo la m'mimba mwawo ndi losiya.

Anafika ku Rosebank itadutsa leveni. Anapeza Agnesi atakhala pasitepe ya kukhitchini, dzanja lili m'chiuno, pamkono pali mabala awiri a zikhadabo za gogo.

"Diso?" anafunsa Agnesi.

"Likuyenda. Kumwamba, pansi, kumanja. Kumanzere azitembenuza khosi mpaka adzamupange opaleshoni, ngati adzamupange. Pamenepo ndi panga. Ndinamata ndine."

Agnesi anatsegula pakamwa kuti awatonthoze, koma Abiti Suwedi anali atatambasula kale dzanja. Agnesi anaikamo kiyi.

"Ndiye tathana, achemwali?"

Abiti Suwedi analowa kaye m'nyumba. Anaona gogo atasamba, tsitsi litapesedwa, mashiti atasinthidwa, mbale ya phala itatsukidwa. Anabwerera pakhomo akumanga epuloni.

"Tathana," anatero.